Msika wa kwa Makanjira: ntchito ya khonsolo ndi mbali yathu

Phunziro la ulendo uno likukhudza malo amene tonse timapondapo, ena tsiku ndi tsiku, ena pa tsiku la msika pokha. Tiwerenge mosinthana ndime imodzi imodzi monga timachitira nthawi zonse, ndipo tikafika pa funso tiime kaye kuti aliyense anenepo zake. Amene amamasuka kwambiri m'Chiyao alankhule m'Chiyao, wina amasulira.

Nkhani yake ndi iyi: kodi khonsolo ingatani kuti malo athu a malonda, kuyambira pa Mpilipili mpaka timisika ta m'madoko, akhale amoyo, oti munthu akapitako ndi katundu abwerere ndi ndalama, akapitako ndi ndalama apeze chimene akufuna? Nanga ife eni dera mbali yathu ndi iti? Ambiri tikamva za kutukula msika timaganiza za njerwa, malata ndi mpanda. Zimenezo n'zofunika ndithu, koma tiona kuti zimabwera pambuyo. Zoyamba ndi ziwiri: ogulitsa afunsidwe ntchito isanayambe, ndipo aziona kumene ndalama ya chiphaso chawo ikupita.

Malonda si achilendo kuno

M'zaka za m'ma 1800 mudzi wa mfumu Makanjira unali umodzi mwa malo aakulu a malonda m'mbali mwa nyanja ino. Zombo zinkawoloka kuchokera tsidya la kumadzulo, ndipo maulendo apansi ankanyamuka kuno kulowera ku gombe la nyanja yamchere. Kunkapita minyanga ya njovu, kunkabwera nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Tisabise, kunkapitanso anthu ogwidwa ukapolo, ndipo chuma cha nthawi imeneyo chinaliritsa mabanja ambiri. Mu 1891 asilikali a Harry Johnston anathira nkhondo mudziwo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Captain Cecil Maguire anaphedwa pomenyana ndi anthu a Makanjira. Ndiko kunachokera dzina la Fort Maguire limene tikulitchula mpaka lero. Atsamunda atakhazikika, boma linakhala ku Fort Johnston, kumene tsopano timati ku Mangochi, ndipo njira za malonda zinatembenukira kumeneko. Dera limene kale linali polowera linasanduka kothera msewu.

M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula amwenye amalonda kuti achoke m'madera akumidzi akachitire malonda awo m'mizinda, n'cholinga choti masitolo akumudzi akhale m'manja mwa eni dziko. Koma m'malo ambiri m'dziko muno masitolo aja anatsala mabwinja, poti olowamo analibe mpamba wokwanira, analibenso galimoto yokaodera katundu. Lamulo linaperekedwa kuchokera kulikulu, koma funso loti katundu azichokera kuti, azibwera pa chiyani, linatsalira munthu wapansi yekha.

Lero vuto limene aliyense amayamba kulitchula ndi msewu. Kuchoka ku Mangochi, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kudzera ku Malindi ndi ku Lungwena, pali makilomita pafupifupi 100 kuti munthu afike kuno, ndipo tonse timadziwa zimene mvula imachita ndi msewu umenewu dzinja lililonse. Shuga, sopo ndi simenti zimafika zitakwera mtengo, pamene usipa wathu woodayo amafuna autenge motsika, ati mayendedwe ndi odula. Za phula tazimva kwa zaka zambiri. Koma msewu waukulu chotere ndi ntchito ya boma lalikulu kudzera ku Roads Authority, khonsolo siingaumange. Tiganizirenso kuti phula likadzafika lidzabwera ndi zake. Ulendo wa ku boma udzafupika, ndipo munthu wofuna malata kapena nsapato za ana adzatha kukagula komweko n'kubwerera tsiku lomwelo. Ngati msika wathu udzakhale usanakonzeke, phulalo lidzathandiza ndalama kutuluka msanga kuposa kulowa. N'chifukwa chake nkhani ya msika siyenera kudikira nkhani ya msewu.

Khonsolo ili ndi mphamvu zanji?

Mu 1998 dziko lathu linavomereza ndondomeko imene timaidziwa ndi mawu oti Mphamvu ku Anthu, pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, Local Government Act. Lamuloli linapatsa makhonsolo udindo woyang'anira misika, kuonetsetsa ukhondo, kutolera ndalama za ziphaso ndiponso kupanga malamulo ang'onoang'ono a m'dera lawo. Chisankho choyamba cha makhansala pansi pa lamuloli chinachitika mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda makhansala mpaka Meyi 2014. Zaka 9 si zochepa. Ana amene anakula nthawi imeneyo sanaonepo khansala akuitanitsa msonkhano, ndipo ambiri a ife tinazolowera kuti chilichonse, kaya ndi mjigo kaya ndi bokosi la maliro, tizikapempha kwa phungu.

Njira imene inaikidwa ndi yosavuta kuilongosola. Zofuna za anthu zimayambira m'komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, VDC. Kuchoka apo zimapita ku ADC, imene imakhudza dera lonse la mfumu yaikulu, kenako zimafika ku khonsolo ya boma la Mangochi kuti zilowe mu pulani ya chitukuko ya boma lonse. Ndalama zake zimachokera m'matumba angapo: thumba la chitukuko cha boma, DDF, thumba la dera la phungu, CDF, ndipo kuyambira 2020 panabwera ntchito ya GESD, yothandizidwa ndi World Bank, imene khonsolo imalandira ndalama molingana ndi mmene yakhozera pa kuunikidwa kwa chaka ndi chaka.

Pano pali mpata umene msika umagweramo. VDC imaganizira za midzi yake: sukulu, mjigo, mlatho. Koma pamsika pamakumana anthu a midzi yambiri, ena ochokera m'madoko, ena kumtunda, ena tsidya la malire ku Mozambique. Msika ndi wa aliyense, ndiye pamsonkhano wa VDC palibe amene amauona ngati wake. Chinthu chimene sichinalembedwe kwa gulupu n'chovuta kuti chidzapezeke mu bajeti ya khonsolo.

Tiime kaye. Mwa ife tili pano, ndani anakhalapo pa msonkhano wa VDC kapena ADC? Kodi nkhani ya msika inatchulidwa? Anaitchula ndani?

Mashedi atsopano, ogulitsa ali kumsewu

Sikuti boma silinayesepo. Thumba la Local Development Fund, mothandizidwa ndi African Development Bank, linamanga misika ndi zinthu zina pofuna kukweza malo a malonda a Jenda ku Mzimba, Malomo ku Ntchisi, Chitekesa ku Phalombe ndi Monkey Bay m'boma lathu lomwe lino. Zomanga zotere zimafunika, ndipo amene wagulitsapo mvula ikumuthera pamsana sangazinyoze.

Komabe amene timayendayenda taonapo m'malo osiyanasiyana msika watsopano, wampanda wabwino, mashedi ali zii, ogulitsa atayala katundu wawo m'mbali mwa msewu. Zikatere n'kosavuta kunena kuti mavenda ndi osamva. Koma tifunse mayi wogulitsa tomato. Iwo phindu lawo lili pa munthu amene watsika pa matola kapena pa kabaza, wagula mulu umodzi, wapitirira. Shedi ikamangidwa kutali ndi pamene galimoto zimaima, munthu ameneyo salowa. Mayiwo akalowa okha anzawo n'kutsala kunja, ndiye kuti tsiku limenelo ana agona ndi njala. Choncho aliyense amadikira kuti mnzake ayambe, ndipo palibe amene amayamba.

Zifukwa zina n'zazing'ono pozimva koma n'zazikulu kwa mwini geni. Wogulitsa nsalu ndi kaunjika safuna kuyandikana ndi nsomba zaziwisi. Wa nsomba amafuna madzi pafupi ndi ngalande yoti madziwo azipita. Wa mpunga ndi chimanga amafuna chipinda chokhoma kuti asamasenze matumba m'mawa ndi madzulo. Malonda a ndiwo amatentha dzuwa likamalowa, ndiye msika wopanda nyale umathamangitsa anthu pa nthawi imene ndalama ikubwera. Ndipo pali nkhani imene anthu amangoinong'ona: mabenchi atsopano akamagawidwa, nthawi zina amatha ndi anthu amene sanagulitsepo kanthu, n'kumabwereketsa kwa eni msika enieni pa mtengo wokwera.

Kuno kwathu msika umapuma ndi nyanja. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira asodzi sapita kutali, ndalama imachepa. Mu Novembala ndi Disembala nyanja imatsekedwa kwa makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo nthawi yomweyo anthu akusaka ndalama ya feteleza. Mwezi wa Ramadan ukamatha malonda a zovala, mpunga ndi nyama amakwera. Achibale a ku Joni akatumiza kangachepe, pamzere wa Airtel Money ndi Mpamba pamadzaza, ndipo magolosale amaona kusintha tsiku lomwelo. Katswiri wojambula pulani ku ofesi atha kukhala wodziwa ntchito yake bwino lomwe, koma zimenezi sangazipeze m'buku. Amene amazidziwa ndi amayi a usipa, anyamata a kabaza ndi agogo ogulitsa mphasa. Kuwafunsa sikuwachitira chifundo ayi, iwo ndiwo ali ndi theka la nzeru zimene pulaniyo ikufuna.

Kapepala ka chiphaso

Tsiku lililonse la msika wodula ziphaso amazungulira, ndipo pa kapepala kameneka ndi pamene khonsolo ndi wogulitsa amakumana maso ndi maso. M'misika yambiri m'dziko muno mkangano wake ndi umodzi. Ogulitsa amati sitilipira chifukwa palibe chimbudzi, zinyalala sizichotsedwa. Khonsolo imati sitingamange chimbudzi chifukwa simulipira. Onse akunena zoona, ndipo atha kukhala choncho zaka khumi.

Cha m'ma 2018 panachitika kafukufuku wofuna kuona chimene chingamasule mfundo imeneyi. Anachitika m'misika 128 ya m'maboma 8, kuphatikizapo anansi athu a Machinga ndi Balaka, mogwirizana ndi makhonsolo komanso ndi thandizo la USAID, ndipo mmodzi mwa otsogolera anali Lucy Martin wa ku University of North Carolina. M'misika ina anayesa njira yokhwimitsa katoleredwe: kuwerenga ogulitsa, kutumiza ndalama zotoleredwa kudzera pa foni, ndi kulimbikitsa odula ziphaso. M'misika ina anayesa njira yoyambira kwa ogulitsa: anasankhitsa makomiti a msika, anakumanitsa ogulitsa ndi akuluakulu a khonsolo, ogulitsawo anasankha okha chinthu chimodzi choti chimangidwe, monga chimbudzi, mjigo kapena shedi, ndipo ankalandira uthenga pa foni wonena za ndalama zimene zatoleredwa. Zotsatira zake zinaonetsa kuti kumene ogulitsa anapatsidwa mawu, olipira chiphaso anachuluka ndipo chikhulupiriro chawo pa khonsolo chinakula. Kumene anangokhwimitsa, odula ziphaso analimbikira ntchito, koma kusintha kwa kalipiridwe sikunaoneke bwino chimodzimodzi.

Ife tikuona kuti zimenezi sizodabwitsa. Amayi a banki m'khonde amasonkha sabata ndi sabata popanda wapolisi, chifukwa bokosi limatsegulidwa onse akuona, ndalama n'kuwerengedwa mokweza. Chimene khonsolo ingatengerepo n'chotchipa kwambiri: bolodi pa khomo la msika, lolembedwa mwezi ndi mwezi m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti tatolera zakuti, zakuti zapita ku boma, zakuti zagwira ntchito pano. Choko ndi penti si zinthu zodikira thandizo la kunja. Ndiponso kufunsa zimenezi si mwano. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, Access to Information Act, linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020.

Tiyese masamu pamodzi, ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti pa tsiku la msika pabwera ogulitsa 120, aliyense walipira K300. Ndi K36,000. Masiku anayi otere pa mwezi ndi K144,000, osawerengera masiku wamba. Ndalama imeneyi siingamange msika, koma ngati gawo lake likubwerera pamalopo itha kulipira wosesa, kugula sopo ndi ndowa, kukonza mjigo ukathyoka. Tsopano tichotsepo theka, tione chimene chatsala.

Theka limenelo limasowera kuti? Apa nkhani yafika pakhomo pathu. Tonse timadziwa kachitidwe koti wogulitsa apereke ndalama yochepa, wodulayo alandire osadula kapepala, onse awiri n'kuona ngati apindula. Wogulitsa wapulumutsa K100, koma wataya umboni wokhawo umene akanaimirira nawo pamsonkhano n'kunena kuti ife tinalipira, chimbudzi chili kuti? Munthu amene amaumirira kulandira chiphaso chake, ngakhale anzake akumuseka, akuchita utumiki kwa msika wonse.

Funso: kodi ndi chiyani chimene chimapangitsa munthu wokhulupirika m'zinthu zina kuona ngati kuzemba chiphaso si kanthu? Nanga wodula ziphaso amene malipiro ake ndi ochepa tingamuthandize bwanji kuti asagwe m'mayesero, popanda kumuchititsa manyazi pagulu?

Chimbudzi chisanafike mpanda

Ogulitsa akafunsidwa chimene akufuna, kawirikawiri madzi ndi chimbudzi sizisowa pa zoyamba. Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba mu Malichi 2022 ku Machinga n'kufalikira dziko lonse mpaka 2023. Anapha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Pamsika pamene pali nsomba, zitumbuwa, mango ndi anthu mazana koma palibe posamba m'manja, matendawa sasowa njira. Kumanga chimbudzi n'kosavuta kusiyana ndi kuchisamala. Pasanaikidwe njerwa yoyamba, komiti ya msika ndi khonsolo agwirizane polemba kuti kiyi asunga ndani, wotsuka alipidwa ndi ndalama iti, chikadzadza adzapopa ndani, ndipo mwana kapena mayi woyembekezera amene alibe ndalama yolowera achita bwanji. M'madera a mchenga kufupi ndi nyanja maenje amagumuka msanga, choncho amisiri a konkuno afunsidwe za kakumbidwe.

Msonkhano umene anthu amalankhuladi

Mawu oti "anthu afunsidwa" amatha kulembedwa m'lipoti ngakhale pamene palibe amene anafunsidwa. Galimoto yabwera, akuluakulu akhala pa mipando kutsogolo, zolankhula zatha maola awiri, kenako wina afunsa ngati pali funso, anthu ali chete, m'manja mwaombedwa. Umenewo ndi msonkhano wolengeza, si wokambirana.

Kuti anthu alankhuledi, zinthu zing'onozing'ono ziyenera kuganiziridwa. Msonkhano usaikidwe Lachisanu masana pamene ambiri ali ku mzikiti, kapena m'mawa pamene mabwato akukocheza, kapena pa tsiku la msika lenilenilo pamene kusiya benchi n'kutaya chakudya cha tsikulo. Uchitike m'chilankhulo chimene agogo akumva. Amayi ndiwo ambiri mwa oyala pansi, koma pamaso pa mafumu ndi mashehe ambiri sangadzuke kutsutsa zimene bambo wanena. Choncho n'kwanzeru kuti ayambe akambirana paokha, m'magulu a nsomba, a masamba, a zophikaphika, kenako mfundo zawo ziwerengedwe pagulu zisanamveke za wina aliyense. M'komiti ya msika asangopatsidwa mpando wa msungichuma wokha.

M'gulu lathu lino taphunzira kakambiranidwe kamene kangathandize kumeneko. Timayamba ndi kufufuza zoona zake tisanayambe kukangana za chochita. Munthu akapereka ganizo, ganizolo limakhala la gulu, mwini wake sakwiya likasinthidwa kapena likakanidwa. Timalankhula mosabisa koma mwaulemu. Tikagwirizana chinthu tonse timachigwirira ntchito, ngakhale amene poyamba sanachifune, kuti ngati n'cholakwika chioneke msanga tikonze. Pa nkhani ya msika mfundo yotsirizayi ndi yolemera, chifukwa kusamukira m'mashedi kumatheka pokhapokha onse asamuke tsiku limodzi, ndipo malo oimikapo matola ndi njinga zamoto asamuke nawo.

Wina anganene kuti anthu akumudzi sasunga pangano popanda chikwapu. Tiyang'ane tsidya la nyanja, ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, m'dera la mfumu ina ya dzina lomweli la Makanjira. Kumeneko asodzi akhala akutseka chilumba miyezi ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, potsata malamulo a mfumu ndi komiti yawo, ndipo akatswiri a za nsomba amapita kukaphunzirako. Makomiti a m'madoko, ma BVC, amene anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993, ena anayenda bwino ena anafooka, ndipo kawirikawiri amene anafooka ndi amene asodzi ankawaona ngati a boma osati awo. Komiti ya msika nayo itha kugwa m'dzenje lomwelo ikasankhidwa ndi munthu mmodzi, kapena ikadzaza ndi anthu a chipani chimodzi. Mafumu ali ndi mbali yaikulu, makamaka pa za malo, poti msika sungakule popanda a mfumu kuloza malire ake poyera, mboni zilipo, kuti mawa wina asadzamange nyumba pamene panayenera kukhala dzala la zinyalala.

Ntchito yathu tisanakumanenso

Sitikupita kukalamula aliyense, ndipo sitikupita m'dzina la chipani. Tikupita kukaphunzira. Tigawane awiriawiri, ndipo achinyamata ayende ndi akuluakulu. Tiyambe tapita kwa a mfumu ndi kwa wapampando wa komiti ya msika kukafotokoza chimene tikufuna kuchita, kuti pasakhale wotiganizira zina.

Awiri oyamba awerenge ogulitsa pa tsiku la msika ndi pa tsiku wamba: angati ali pa benchi, angati pansi, angati kumsewu, amayi angati, abambo angati. Ena awiri ajambule mapu pa pepala: pamene galimoto zimaima, pamene pali madzi, chimbudzi, zinyalala, ndi pamene madzi amadikha mvula ikagwa. Ena acheze ndi ogulitsa khumi a malonda osiyanasiyana, kuphatikizapo wodula ziphaso, n'kufunsa funso limodzi lokha: pakanakhala ndalama yokonzera chinthu chimodzi chaka chino, mukanasankha chiyani? Tilembe mayankho monga anenera, osawakonza, ndipo tisalembe maina. Awiri otsala akafunse kwa mlembi wa VDC tsiku la msonkhano wotsatira, ndiponso mwezi umene zofuna za midzi zimatumizidwa ku ADC.

Amene ali ndi kope lotsala masamba abwere nalo, ndipo mapu aja tidzawayala pamphasa kuti tidzaonere limodzi.